Mafunso a Owerenga: Tenisi ndi Masewera a Panja pa Gombe la Riviera

Makalata a ulendo uno akumana pa malo amodzi: gombe la kummwera chakummawa kwa France, lomwe Angelezi amati Riviera, eni ake n'kumati Côte d'Azur. Ndi kamtunda kopapatiza, kumbuyo mapiri, kutsogolo nyanja ya Mediterranean. Matauni ake odziwika ndi Cannes, Antibes, Nice ndi Menton, kuphatikizapo kadziko ka Monaco, komwe kuli dera la Monte Carlo. Makalata ena tawafupikitsa, ofanana tawaphatikiza.

Akonzi, chaka chilichonse mu Epulo ndimaonera pa kanema mpikisano wa tenisi wa Monte Carlo. Kodi masewera omwe anayambira ku England anakakhazikika bwanji pa gombe la eni, mpaka kumaoneka ngati ndi kwawo? — Bambo wokonda tenisi

Bambo, tenisi sanapite yekha kumeneko. Anachita kulondola odwala ndi anthu opata. Mankhwala a chifuwa chachikulu asanapezeke, madokotala a ku England ankalangiza odwala omwe anali ndi ndalama kuti athawe chifunga ndi chinyezi cha kwawo, akathere miyezi yachisanu kumene kuli dzuwa. Ambiri ankafikira ku Nice. Msewu wotchuka wa m'mphepete mwa nyanja mumzindawo, Promenade des Anglais, unayamba m'zaka za m'ma 1820 ngati kanjira kowongolerako miyendo, ndipo ndalama zokalambulira anasonkha ndi alendo a Chingelezi omwewo, motsogozedwa ndi mbusa Lewis Way. Lero kanjirako ndi msewu wa makilomita pafupifupi 7.

Cannes inatchuka mwangozi. Mu 1834 Lord Brougham, yemwe anali atangochoka pa udindo waukulu wa zamalamulo m'boma la Britain, ankapita ku Italy. Atafika pa mtsinje wa Var, womwe nthawiyo unali malire chifukwa Nice inali pansi pa ufumu wa Sardinia, anamubweza: njira inali yotseka poopa kolera. Anabwerera n'kukagona pa kamudzi ka asodzi kotchedwa Cannes. Malowo anamutenga mtima, anamangapo nyumba, anzake n'kuyamba kumutsatira mmodzimmodzi.

Chomwe chinatsegula khomo kwenikweni ndi njanji. Nice inalowa m'dziko la France mu 1860, sitima inafika ku Cannes mu 1863, ku Nice mu 1864, ku Monaco mu 1868. Patangopita zaka zochepa, mu 1874, Major Walter Wingfield anayamba kugulitsa tenisi wa pa kapinga ali m'bokosi: ukonde, mitengo yomangirira ukondewo, maraketi ndi mipira ya labala. Mpikisano woyamba wa Wimbledon unachitika mu 1877. Bokosi lotere silivuta kukweza m'sitima, ndipo mwini hotela aliyense anaona msanga kuti mlendo yemwe ali ndi chochita masana sapempha bilu mwachangu.

Kalabu ya tenisi ya ku Nice inakhazikitsidwa mu 1890. Mpikisano womwe mumaonerawo unayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1897 anapambana ndi Mngelezi Reginald Doherty. Kuyambira Januwale mpaka Epulo mipikisano inkangolandizana, sabata ino Cannes, yamawa Nice, kenako Monte Carlo, kenako Menton, pa nthawi yomwe mabwalo a kapinga ku England anali matope okhaokha. Ngakhale mfumu Gustaf V ya ku Sweden inkabwera kudzasewera, ikudzilembetsa ndi dzina loti Mr G. Koma tisanamizane kuti anali masewera a aliyense. M'zaka zoyambazo mwana wa m'deralo ankalowa m'bwalo kukatola mipira, kukathirira ndi kukasesa mizere.

Zikomo akonzi. N'chifukwa chiyani mabwalo a kumeneko ndi ofiira? Mwana wanga akuti ndi dongo wamba lomwe angolitsendera. Ndi zoona? — Mayi wowerenga

Mayi, mwanayo walondola theka. Afalansa amalitcha terre battue, kutanthauza dothi lotsenderedwa, koma dongo la kudambo mulibemo. Dongo losaotcha likanyowa limaterera ndi kumata ku nsapato, likauma limang'aluka. Chofiira chomwe mumachionacho ndi njerwa zootcha zomwe azipera kukhala fumbi. Dongo likapsa pamoto silisungunukanso kukhala matope, n'chifukwa chake madzi amadutsamo.

Anthu a ku Cannes amafotokoza chiyambi chake motere. Mapasa a Chingelezi William ndi Ernest Renshaw, akatswiri a nthawiyo (William anapambana Wimbledon kasanu ndi kawiri), ankathera nyengo yachisanu ku Cannes cha m'ma 1880, ndipo ankasewera pa hotela ya Beau-Site. Kapinga wa pa mabwalowo sankalimba. Udzu wa tenisi amaumeta pafupi kwambiri, ku Wimbledon amausiya mamilimita 8 okha, ndipo udzu wometedwa chotero umafuna nyengo yozizirirapo ndi mvula ya pafupipafupi. Pa gombe lija mwezi wa Julayi umatha pafupifupi wopanda dontho. Makilomita ochepa kuchokera ku Cannes kuli tauni ya Vallauris, ya anthu oumba miphika. Miphika yosweka ndi yokanidwa anaipera, ufa wake n'kuuwaza pa mabwalo. Mabwalo atachuluka, mapale a miphika anaperewera, anthu n'kutembenukira ku njerwa.

Mukakumba bwalo lomangidwa Chifalansa, monga a ku Roland Garros mumzinda wa Paris, mupeza izi kuchokera pamwamba. Fumbi lofiira ndi lochepa zodabwitsa, milimita imodzi kapena awiri basi. Pansi pake pali miyala ya laimu yoyera yoperedwa ndi kutsenderedwa, yokhuthala masentimita 6 mpaka 7. Pamenepa ndiye poponda penipeni, ndipo wosewera akaterereka mwamphamvu mumaona kuyera kukusuzumira. Kenako pali zotsalira za malasha ootcha, masentimita 7 mpaka 8, zomwe zimasunga chinyezi n'kumachibwezera pamwamba pang'onopang'ono. Pansi penipeni pali miyala yophwanya, masentimita 30 kapena kuposerapo, ndi mipope yotulutsa madzi.

Kafumbi kochepako ndi komwe kamasintha masewera onse. Mpira ukagwa umaluma pansi, liwiro limachepa, n'kudumpha m'mwamba kuposa pa kapinga. Womenya mpira mozunguliza chakutsogolo amapindula kwambiri, chifukwa mpirawo umakafika mnzake m'mapewa. Kubwezerana kumatalika, ndipo yemwe amadalira kuyambitsa mpira mwamphamvu kokha amapeza kuti mpira wake ukungobwerera. Wosewera saima mwadzidzidzi koma amaterereka kulowa pa mpira, zomwe zimapepukitsa maondo. Mpira umasiyanso chidindo pa fumbi. Kwa zaka zambirimbiri mkangano wa "wagwera mkati" kapena "wagwera kunja" unkatha woyimbira akatsika pampando wake, n'kukaloza chidindocho ndi chala.

Akuluakulu, ndimasamalira mabwalo awiri a fumbi la njerwa pafupi ndi nyanja yamchere. Mavuto anga ndi atatu. Fumbi limauluka masana alionse, kumbuyo kwa mzere wakumapeto kumadikha madzi mvula ikagwa, ndipo mpanda wa waya unachita dzimbiri usanathe zaka ziwiri. Ndikulakwitsa pati? — Wosamalira mabwalo

Achimwene, mavuto atatuwa gwero lake ndi losiyana, ndiye tiwatenge limodzilimodzi.

Fumbi likamauluka ndiye kuti bwalo lili ndi ludzu. Bwalo lotere simenti yake ndi chinyezi, palibenso china chomwe chimaligwira. M'mphepete mwa nyanja mtunda umatentha msanga kuposa madzi, choncho dzuwa likakwera mphepo imayamba kuwomba kuchokera kunyanja, n'kukula masana. Ndi nthawi yomweyo yomwe pamwamba pauma. Thirirani kwambiri madzulo kuti madzi alowe mpaka m'munsi usiku wonse, thiriraninso pang'ono m'mawa, ndiponso pakati pa masewera ngati dzuwa lakula. Maso anu ndiwo muyezo: bwalo lokhuta limakhala lofiira moderako, mukaponda pamatsala phazi koma fumbi silibuka, ndipo madzi sanyezimira pamwamba. Likayamba kumbuwa, mwachedwa kale. Paipi muziiloza m'mwamba kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza. Mukailoza pansi mukukumba maenje ndi manja anu. Madzi a pachitsime cha pafupi ndi nyanja muyambe mwawalawa, chifukwa amchere amasiya chikhungu choyera pa bwalo ndi kudya zothiririra. Ena amawaza calcium chloride, yemwe amakoka chinyezi cha mumpweya n'kuchisunga pa bwalo. Amathandiza ndithu, koma naye amadya chitsulo, ndiye asafike m'tsinde mwa mapolo.

Nsalu yotchinga mphepo pa mpanda ikhale ya timabowo, yolola mphepo ina kudutsa. Yotseka kotheratu imasandutsa mpanda kukhala thanga la bwato, mapolo n'kupindika. Muimange ndi tizingwe tomwe tingaduke mphepo ikakula, chifukwa kuli bwino nsalu ipite kusiyana n'kuti mpanda ugwe. Ngati mudzala mitengo yotchinga, italikire mamita angapo, mizu ingatukule bwalo.

Chithaphwi cha kumbuyo kwa mzere chimabwera chifukwa pamenepo ndi pomwe osewera amathera nthawi, akumakankhira fumbi kumpanda. Kakokedwe ka mphasa yosalazira nkofunika apa. Yambirani kumpanda, muzizungulira mukulowera mkati, kuti fumbi libwerere komwe linachoka. Ambiri amayambira pakati n'kumatuluka, mapeto ake fumbi laphiri kumpanda, pakati mbale.

Pomwe pakumbika kale konzani motere. Mvula ikagwa lembani malire a chithaphwicho ndi kamtengo, n'kudikira paume. Kankhirani fumbi lofiira pambali mpaka laimu woyera aoneke. Mukandeni ndi reki kuti watsopano akagwirane ndi wakale. Thirani laimu watsopano pang'onopang'ono, osapitirira sentimita imodzi pa ulendo, salazani ndi thabwa lowongoka lomwe nsonga zake zatsamira pa malo abwino, wazani madzi, tsenderani ndi chigudumu, ndipo bwerezani mpaka pafanane. Pasapondedwe kwa masiku angapo, kenako bwezerani fumbi lofiira. Cholakwa chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kudzaza dzenjelo ndi fumbi lofiira lokha. Fumbi paloka siligwirana. Pamaoneka bwino m'mawa, masana wina wabinya bondo. Musakankhenso chithaphwi ndi tsache, chifukwa madzi amapita limodzi ndi bwalo lanu.

Ngati madzi akudikha paliponse, vuto ndi kapendekedwe. Bwalo la fumbi limafuna kutsetsereka kwa mamilimita atatu pa mita iliyonse, kulowera mbali imodzi yokha, osati kukwera pakati ngati msana wa ng'ombe. Pa m'lifupi wa mamita 18 ndiye kusiyana kwa masentimita 5 kapena 6. Bwalo lolimba la phula kapena konkire, lomwe silimwa madzi, limafuna pafupifupi sentimita imodzi pa mita.

Za dzimbiri, mdani wanu ndi mchere womwe mphepo imanyamula mafunde akaswa. Ukatera pa waya umakoka chinyezi, ndiye chitsulo sichiuma ngakhale kunja kuli ng'aa. Waya ndi mapolo zikhale zoviikidwa mu zinki wosungunula, ndipo ngati n'kotheka zokutidwanso ndi pulasitiki. Mabawuti ndi chingwe chonyamula ukonde zikhale za chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316, chomwe chimapirira mchere kuposa cha 304. Osasakaniza zitsulo mwachisawawa: zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi amchere, china chimadyeka mwachangu. Dzimbiri limayambira malo atatu, powotcherera, podula, ndi m'tsinde mwa polo pomwe pakhudza fumbi lonyowa. Pakani penti wa zinki podula ndi powotcherera, kwezani konkire wa m'tsinde apendekere kunja, ndipo vindikirani pamwamba pa polo madzi asalowe mkati. Kamodzi pamwezi tsukani mpanda wonse ndi madzi opanda mchere.

Mukamadzamanga lina, bwalo lenileni ndi mamita 23.77 m'litali, 10.97 m'lifupi kwa osewera awiriawiri, 8.23 kwa mmodzimmodzi, koma mpanda uzungulire malo a mamita 36.6 ndi 18.3. Ukonde ndi masentimita 91.4 pakati, mita 1.07 pa mapolo. Liloze kumpoto ndi kummwera kuti dzuwa la m'mawa ndi lamadzulo lisathobwe osewera m'maso, ngakhale nyanja itaoneka bwino chotani mbali inayo.

Mnzanga akuti mpikisano wa Monte Carlo suchitikira ku Monaco. Tabetcherana. Ndani adye? — Wowerenga

Pepani, adya ndi anzanuwo. Monte-Carlo Country Club, yomwe inatsegulidwa mu 1928, ili m'dera la Roquebrune-Cap-Martin, lomwe ndi France, kungodutsa malire pang'ono. Monaco yense ndi malo okwana pafupifupi masikweya kilomita awiri, moti mabwalo ambiri chonchija analibe powaika. Anachita kusema phiri ngati masitepe, bwalo lina pamwamba pa linzake, nyanja ili m'munsi. Malowa ndi ovuta kusewerapo kuposa momwe amaonekera pa kanema. Mphepo imazungulira, ndipo mpweya wachinyezi wa m'mphepete mwa nyanja mu Epulo umalemeretsa mpira. Pa mpikisano wa ku Madrid ku Spain, komwe ndi kumtunda mamita oposa 600, mpira womwewo umauluka mopepuka. Rafael Nadal anapambana ku Monte Carlo maulendo 11, asanu ndi atatu mwa iwo motsatizana kuyambira 2005 mpaka 2012.

Ndimaphunzitsa atsikana tenisi. Ndinamva kuti masewera ena otchuka kwambiri a amayi anachitikira pa gombe limeneli kale kwambiri. Ndiuzeni bwinobwino kuti ndikawafotokozere ana. — Mphunzitsi wa masewera

Aphunzitsi, tsiku lake ndi 16 Febuluwale 1926, malo ake Carlton Club ku Cannes. Mbali ina kunali Suzanne Lenglen wa ku France, wa zaka 26, yemwe anali atapambana Wimbledon kasanu ndi kamodzi. Mbali inayo Helen Wills wa ku America, wa zaka 20, katswiri wa kwawo. Awiriwa anali asanakumanepo mmodzi ndi mmodzi, ndipo sanadzakumanenso motero.

Lenglen anali mwana wa gombeli pa nkhani ya tenisi. Banja lake linkakhala ku Nice pafupi ndi kalabu, ndipo bambo ake, Charles, ndiwo ankamuphunzitsa. Njira yawo ina mungaibwereke mawa lomwe: ankayala kampango pansi mbali inayo ya ukonde, mwana n'kumamenya mpira mpaka uzigwera pa kampangopo, kenako n'kukasunthira pena. Mphamvu za Lenglen sizinali m'dzanja koma m'kulunjika ndi m'mapazi. Anasinthanso kavalidwe. Amayi a nthawi imeneyo ankasewera atavala madiresi ofika m'mapazi, iye n'kutulukira ndi siketi yolekeza m'maondo, mikono pamtunda, kansalu kokulunga kumutu. Akuluakulu ena anang'ung'udza, koma anali kuthamanga momasuka pomwe anzake ankapunthwa ndi nsalu.

Pa tsikulo malo anachepa. Anthu anakwera m'mitengo ndi pa madenga a nyumba zoyandikana. Lenglen anatenga seti yoyamba 6-3. Yachiwiri inavuta, Wills anatsogola, Lenglen n'kumufikira. Pa 6-5, Lenglen atangotsala ndi mfundo imodzi kuti amalize, Wills anamenya mpira wolowera pakona, ndipo kunamveka mawu oti watuluka. Awiriwo anapatsana dzanja pa ukonde, anthu n'kuyamba kukhamukira m'bwalo ndi maluwa. Woyang'anira mzere anadzakankha khamulo n'kunena kuti iye sananene kanthu, mawuwo anachokera kwa woonerera, ndipo mpira unagwera mkati. Bwalo linasesedwa anthu, masewera n'kuyambiranso. Wills anatenga gemu imeneyo kufika 6-6. Apa ndi pomwe atsikana anuwo amvetsere: munthu yemwe mtima wake unali utapita kale kunyumba ndi chikho anadzitolera, n'kutenga magemu awiri otsatirawo. Zinatha 6-3, 8-6.

Chaka chomwecho Lenglen anayamba kusewera molipidwa, zomwe nthawiyo zinkamuchotsa munthu m'mipikisano ikuluikulu. Anamwalira mu 1938 ali ndi zaka 39. Bwalo lachiwiri kukula ku Roland Garros lili ndi dzina lake. Wills anadzapambana Wimbledon kasanu ndi katatu.

Zingwe za raketi yanga zimaduka msanga ndikasewera pa bwalo lofiira pafupi ndi nyanja, mipira nayo imalemera. Ndi maganizo anga chabe? — Wosewera

Si maganizo ayi. Fumbi la njerwa ndi lokhakhala, limalowa pomwe zingwe zapingasana n'kumazicheka ngati tupa nthawi iliyonse mukamenya. Zingwe zachilengedwe, zopangidwa ndi matumbo a ng'ombe, zimamveka bwino m'dzanja koma zimamwa chinyezi n'kuyamba kunyenyeka. Za poliyesitala siziopa chinyezi, vuto lake zimakhwepa msanga zisanaduke, ndipo zikakhwepa zimapweteka chigongono. Ambiri amamangitsa pakati pa makilogalamu 22 ndi 27. Pukutani zingwe mukamaliza, ndipo raketi musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa.

Mpira wabwino umalemera magalamu 56 mpaka 59.4, koma ubweya wake umatola fumbi lonyowa. Kuti muuyese, ugwetseni pa konkire kuchokera pa masentimita 254. Ukadumpha pakati pa 135 ndi 147 uli moyo. Akatswiri amasintha mipira akatha magemu 7 oyamba, kenako 9 alionse. Nsapato zikhale za mizere yokhotakhota ngati minga ya nsomba kuphazi kwake, ndipo muzizigogoda ndi raketi kuti fumbi ligwe.

Tenisi anali wa alendo olemera, mwatero. Nanga eni dera ankasewera chiyani? — Agogo owerenga

Agogo, alendo anali ndi tenisi wawo ndi gofu wawo (bwalo la gofu la ku Mandelieu, pafupi ndi Cannes, analiyambitsa mu 1891 ndi Grand Duke Michael wa ku Russia). Msodzi, woumba miphika ndi wogwira ntchito padoko anali ndi mipira yoponya, pansi pa mitengo pakati pa mudzi. Masewera akale a ku Provence ankafuna kuti woponya athamange masitepe atatu n'kuponya kutali, mamita 15 mpaka 20. Ku La Ciotat, tauni ya padoko pakati pa Marseille ndi Toulon, kunali katswiri wina, Jules Lenoir, yemwe nyamakazi inamulanda miyendo. Cha mu 1907 anzake anafupikitsa bwalo n'kugwirizana kuti aliyense aziponya ataima malo amodzi. M'chilankhulo cha kumeneko mapazi odzalidwa pansi amati pè tancat, ndipo dzina loti pétanque linachokera pamenepo. Mpikisano woyamba unachitika komweko mu 1910.

Zofunika ndi zochepa. Malo a dothi lolimba kapena timiyala, osati kapinga, osatinso mchenga wakuya. Lembani kabwalo kozungulira ka masentimita 35 mpaka 50, poimapo woponya. Kampira ka mtengo ka mamilimita 30 kaponyedwe mtunda wa mamita 6 mpaka 10. Mipira yoponyayo ndi yachitsulo, yolemera magalamu 650 mpaka 800. Mukakhala atatuatatu aliyense amagwira iwiri, awiriawiri kapena mmodzimmodzi aliyense itatu. Gulu lomwe mpira wake watalikira kampira kaja ndilo limapitiriza kuponya mpaka litayandikira kapena mipira itatha. Onse akamaliza, gulu loyandikira limawerenga mfundo imodzi pa mpira uliwonse womwe waposa mpira wabwino wa anzawo. Woyamba kufika pa 13 wapambana.

Oyamba kumene amalakwitsa pawiri. Amagwira mpira chikhatho chili m'mwamba, mpira n'kuthawa. Chikhatho chiyang'ane pansi, mpira uchoke ku nsonga za zala ukuzungulira chobwerera, kuti ukagwa uime msanga. Chachiwiri, amayang'ana kampira kokha osasankha pomwe mpira ukagwere. Katswiri amayenda kaye kukaona dothi, kamwala kali pati, potsetsereka ndi pati. Phazi likadzuka kapena kutuluka m'kabwalo mpira usanagwe, kuponyako sikuwerengedwa.

Lero Riviera timaidziwa ndi kusambira ndi kuothera dzuwa. Zinayamba liti? Ndipo wofuna kukasambira kapena kuyenda m'mbali mwa nyanja kumeneko adziwe chiyani? — Wowerenga wokonda maulendo

Zinayamba mochedwa kuposa momwe ambiri amaganizira. Kwa zaka zoposa 100 gombeli linali la nyengo yachisanu. Kukayamba kutentha mahotela akuluakulu ankatseka, alendo n'kubwerera kumpoto, poti dzuwa lachilimwe ankaliyesa loopsa ndipo khungu lopsa ndi dzuwa linali chizindikiro cha wantchito wa kumunda. Mu 2021 UNESCO itaika Nice pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse, inaitchula kuti tauni yothawirako chisanu, osati yosambirako.

Zinatembenuka m'zaka za m'ma 1920. Mu 1923 Hôtel du Cap ya ku Antibes inasiya zitseko zotsegula m'chilimwe chifukwa cha banja la Chimereka la Gerald ndi Sara Murphy, omwe anayeretsa okha kagombe ka La Garoupe n'kumaitanirako anzawo. Koma chomwe chinabweretsa khamu ndi lamulo la 1936, pomwe boma la France lotsogozedwa ndi Léon Blum linapatsa wantchito aliyense masabata awiri a tchuthi cholipidwa, pamodzi ndi matikiti a sitima otsika mtengo. Anthu ambiri anaiona nyanja koyamba chaka chimenecho.

Wofuna kusambira adziwe kuti madzi amakhala pa madigiri pafupifupi 13 mu Febuluwale, n'kufika 24 kapena kuposerapo pang'ono mu Ogasiti. Ku Nice gombe ndi la miyala yobulungira yomwe mitsinje inatsitsa kumapiri, osati mchenga, ndipo pansi pamatsika mwadzidzidzi: masitepe ochepa, madzi afika m'khosi. Valani nsapato za m'madzi, chifukwa kutuluka pa miyala yogubuduzika mafunde akukukankhani n'kovuta kuposa kulowa. Mchenga muupeza ku Cannes ndi ku Juan-les-Pins. Nyanjayi siphwera ndi kudzaza kwambiri ngati nyanja zikuluzikulu, kusiyana kwake ndi masentimita makumi ochepa, ndiye choopsa si kusefukira koma mphepo. Ya mistral, yochokera kumpoto chakumadzulo, imawomba kuchoka kumtunda kulowera kunyanja makamaka cha ku Marseille ndi Toulon. Madzi a m'mphepete amaoneka bata, koma chubu kapena kabwato kopopa kamatengedwa kupita pakati mwakachetechete. Mbendera za pagombe muziwerenge: yobiriwira sambirani, yachikasu samalani, yofiira musalowe, yapepo m'madzi muli zoipa kapena tinyama toluma.

Tinyamato kawirikawiri ndi jellyfish, tofewa, tofiirira, ta timichira toyabwa ngati chitedze. Tikakukhudzani tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo. Madzi akumwa amaphulitsa timbola tomwe tatsalira pakhungu, ululu n'kuwirikiza. Osatikita. Palani pang'onopang'ono ndi kakhadi kolimba, ndipo mukayamba kubanika kapena kutupa nkhope thamangirani kwa opulumutsa anthu pagombepo.

Kwa woyenda pansi, lamulo la France la 1976 limasiya kanjira ka mamita atatu m'lifupi m'mphepete mwa nyanja kuti aliyense azidutsa, ngakhale malowo ali a munthu. N'chifukwa chake mumatha kuzungulira Cap d'Antibes, Cap Ferrat ndi Cap Martin wapansi, mpanda wa nyumba za mabwana uli kudzanja lina, mafunde kudzanja linalo. Njirazi zimadutsa pa matanthwe akuthwa, mthunzi ndi wochepa, pogula madzi palibe, choncho nyamulani botolo ndi kuvala nsapato zomanga. Nyanja ikakalipa a boma amatseka tizipata ta njirazi. Mukapeza kotseka bwererani, chifukwa pena njirayo imatsika mpaka pomwe funde limafika.